Amene Ankasunga Nsapato m'Madzi

Malemu amene tawazungulira pano, achimwene anga, anabadwa pa 9 Juni 1955 m'nyumba za ogwira ntchito padoko, oyamba m'banja la ana awiri. Bambo athu anali oponya malasha mu injini ya sitima yonyamula anthu aganyu. Pa 17 Epulo 1959 sitimayo inamira chapafupi ndi gombe, anthu akuonerera. Palibe mtembo umene unavuulidwa. Mabuku amene ndawerenga amatchula kulemera kwa sitimayo ndi dzina la kaputeni, koma za oponya malasha ali chete. Mayi athu analira maliro opanda bokosi, ndipo mpaka imfa yawo ankakhala chofulatira nyanja.

Sukulu anayamba mu 1962, nalekezera folomu 2 kuti ine ndipitirire. Nditabwerako kunja kumene ndakhalitsa, ndinapita kukaiona sukuluyo: akugulitsiramo matayala akale. Mu 1974 malemu analowa ntchito yowotcherera zitsulo padoko lomwelo, ndipo pa 3 Ogasiti 1980 anamanga banja ndi alamu athu akhala apowa.

Mu 2003 kunabwera akatswiri ofufuza zakale, kufuna anthu odzipereka oti awathandize pa sitima ija. Malipiro panalibe. Malemu, imvi zili kale m'mutu, analembetsa. Maphunziro anayambira m'dziwe losambira la pahotela, limodzi ndi achinyamata a msinkhu wa ana awo, omwe anawapatsa dzina loti a Chule chifukwa cha kaponyedwe kawo ka miyendo. Anaphunzira kupuma ndi thanki ya mpweya kumsana, kulankhulana ndi manja, kuyeza ndi tepi, ndi kujambula ndi pensulo pa kabolodi ka pulasitiki ali pansi pa madzi. Ntchito inagawidwa: ena kutsikira ku sitima, ena kutsala m'boti kuyang'anira nthawi ndi mpweya wa anzawo, ena kumtunda kusamalira zovuulidwa. Lamulo lalikulu linali loti usatole kanthu usanauzidwe. Malemu anakafika m'chipinda cha injini momwe bambo athu anafera, naona nsapato zili mbwee m'matope, nabwerera chimanjamanja. Alamu akuti tsiku limenelo malemu sanadye.

Mu 2006 khutu lawo lamanzere linabooka, adokotala nawaletsa kutsikanso. Anawasamutsira kumtunda, ku mabeseni a madzi osungiramo zovuulidwa, komwe nsapato zija zinali zitafika. Apa mumvetse bwino. Chikopa chimene chakhala m'nyanja zaka zambiri chimaoneka cholimba chifukwa cha madzi omwewo. Mukachiumitsa chimafota n'kuphwanyika. Chimayenera kukhala m'madzi abwino, osinthidwa pafupipafupi kuti mchere uchoke, mpaka akatswiri adzachithire mankhwala.

Mu 2009 thandizo la kafukufuku linatha. Akatswiri anapita, atalonjeza kuti pamangidwa nyumba yosungiramo zakale. Pamalo pomwe ikanamangidwapo lero pamaimikidwa magalimoto. Mabeseni anasungitsidwa kwa malemu, ati kwa kanthawi chabe. Kanthawiko ndi kamene katifikitsa pano. Loweruka lililonse ankalowa m'kachipinda kakuseri kukasintha madzi a nsapato za anthu omwe sanaikidwe m'manda. Aneba ankawaseka kuti akuweta nsapato ngati nsomba, n'kumawafunsa kuti ziswa liti. Iwo ankaseka nawo. Sankadziwa kuti ya bambo athu ndi iti, choncho iliyonse ankaigwira ngati ndi imeneyo.

Mu Okotobala 2023 anayamba kubanika, ndipo pa 11 Januwale chaka chino anagonekedwa m'chipatala ndi matenda a m'mapapo. Adokotala atanena kuti kunyumba kusakhale chinyezi, ana anakonza paliponse poyembekeza kuti bambo awo atuluka. Anakhuthula madzi aja, natsuka nsapato ndi sopo, naziyanika padenga. Pasapezeke wowaloza chala. Tonsefe tinaleredwa choncho: ukaona nsapato yonyowa umaiyanika. Pofika madzulo zinali zitafota ngati makoko a nthochi, kuzigwira kumangoyoyoka. Linapulumuka beseni limodzi lomwe linali pansi pa tebulo, muli nsapato imodzi.

Malemu sanauzidwe. Tsiku lililonse ankafunsa ngati madzi asinthidwa, alamu n'kumangovomera ndi mutu. Anatisiya pa 28 Febuluwale m'mawa, funso lawo lomaliza lili lomwelo.

Asiya mkazi, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi chimodzi, ndi ine mng'ono wawo. Banja likuthokoza anamwino a m'wodi ya abambo, anzawo owotcherera, ndi odzipereka anzawo amene anyamula bokosili. Pempho lathu ndi limodzi: beseni lovindikira lili kuseriko musatungemo madzi osamba m'manja, musalisunthenso. Lero ndi Loweruka, ndipo mwana wawo wamkazi woyamba, yemwe anakwera padenga tsiku lija, wasintha kale madziwo m'mamawa uno.

Achimwene, inu mwapeza manda. Usani mumtendere.