Maliro Opanda Bokosi a Aphunzitsi a Bayoloje

Malemu achimwene anga, amene tasonkhana kuwalira popanda bokosi pakati pathu, anabadwa pa 14 Ogasiti 1967. Ndikudziwa kuti ambiri maso anu ali pa tebulo ili, pomwe pali chithunzi ndi nkhata basi, ndipo manong'onong'o anu ndayamba kuwamvera pa geti. Khazikani mitima pansi. Ine mng'ono wawo ndapatsidwa ntchito yowerenga mbiri, ndipo ndiiwerenga yonse, pokoma ndi powawa pomwe. Amene imuwawe asatuluke, chifukwa akatuluka tonse tidziwa kuti ndi iyeyo.

Anali achiwiri kubadwa m'banja la ana atatu. Oyamba ndi achemwali athu aakulu, amene akhala kutsogoloku ndi mpango wakuda, ndipo chitsirizira ndine. Bambo athu ankakonza mawotchi ndi mawailesi pakhonde la sitolo, ndipo malemu anatengera chibadwa chofuna kuona zimene zili m'kati mwa chinthu. Kungoti iwo mawotchi analibe nawo ntchito. Chule wakufa sankamupitirira panjira. Ankamutola, kumugoneka pa chivundikiro cha poto wa amayi, n'kumung'amba ndi lezala la bambo. Achemwali ankathamanga kukanena, amayi n'kubwera ndi tsache, koma mawa lake poto wina ankapezeka alibe chivundikiro.

Anayamba sukulu ya pulayimale mu 1974, ndipo mu 1982 anasankhidwa kupita ku sekondale. Mu 1987 analowa koleji ya aphunzitsi. Pa 7 Januwale 1991 anayamba ntchito yophunzitsa bayoloje, phunziro la zamoyo, pa sekondale ya kumapeto kwa tawuni, ija yoyandikana ndi depoti ya mabasi. Kuyambira tsiku limenelo mpaka matenda atawagwetsa, anaphunzitsa Fomu 1 yokhayokha. Ahedi osiyanasiyana anayesa kuwakweza kuti akatenge makalasi a mayeso, koma iwo ankakana, amvekere nyumba imagwera pa maziko, osati pa denga.

Amene munadutsa m'manja mwawo mukukumbukira kuti tsiku loyamba sankapereka notsi. Ankalemba pa bolodi zimene mwana ayenera kutha kuchita chaka chikamatha, n'kuuza kalasi kuti imeneyo ndi ngongole ya iwo mphunzitsi, osati ya ana. Ankafuna mwana athe kusiyanitsa chamoyo ndi chopanda moyo ndi kupereka zifukwa zake. Ankafuna aone yekha maselo a khungu la anyezi pa maikulosikopu, ajambule zimene waonazo, osati kukopera chithunzi cha m'buku. Sukulu inali ndi maikulosikopu imodzi yokha, choncho ana ankaima pa mzere mpaka panja, ndipo belu likalira mzerewo sunkamwazika. Ankafunanso mwana athe kulondola chakudya kuchokera m'kamwa mpaka kumene chimathera, mosachita manyazi, ndi kufotokoza chifukwa chake mtima supuma, ndiponso chifukwa chake mwana amatenga mphuno ya agogo ake. Koma cholinga chimene ankachilemba pamwamba pa zonse, n'kuchidula mzere kunsi, chinali chakuti mwana asiye kunena kuti anthu amati, aphunzire kunena kuti ndaona, ndipo ngati sanaone, avomere kuti sakudziwa.

Lachiwiri lililonse m'mawa ankadzera kwa ogulitsa nyama. Tsiku lina mtima wa ng'ombe, tsiku lina mapapo a mbuzi, omwe ankawalowetsa kapaipi n'kuwauzira mpweya ana akuona, mapapowo n'kufufuma ngati chibaluni. Ana ankakuwa, ena kubisala kunsi kwa madesiki, ndipo m'pamene panachokera dzina lija la a Mapapo, lomwe ngakhale makondakitala a pa depoti ankawaitanira.

Pa 3 Sepitembala 1994 anamanga banja ndi alamu anga, atelala, amene akhala pakhondepo. Ayang'aneni bwino, chifukwa nkhani yawo ikubwera. Chithunzi cha thupi la munthu cha pa sukulu chitadyedwa ndi chiswe, ndi mayi amenewa amene anatola zidutswa za nsalu m'shopu mwawo n'kusokera amuna awo epuloni ya ziwalo: mtima wofiira wa batani, chiwindi, mapapo awiri, ndi matumbo a nsalu ya maluwa otalika moti mwana ankawakoka kuchokera pa bolodi mpaka kukhoma la kumbuyo. Malemu ankavala epuloniyo mosanyinyirika, ndipo ana sankaiwala phunzirolo. Anthu awiriwa ankagwira ntchito imodzi, ngakhale malipiro ankabwera m'dzina la mmodzi.

Mu Okutobala 2016 kunyumba kuno kunabwera mtsikana wina amene anali wophunzira wawo, yemwe nthawi ina anakomoka m'kalasi tsiku la mapapo a mbuzi. Tsopano anali ku koleji ya udokotala. Anawauza kuti kumeneko amaphunzira thupi la munthu pa matupi enieni a anthu omwalira, koma matupiwo ndi osowa kwambiri, moti gulu lalikulu limaunjikana pa thupi limodzi. Iye pokhala wamfupi ankakwera pa mpando, koma chimene ankaona ndi misana ya anzake. Nkhaniyi inawadya malemu mumtima. Anandiuza kuti anaphunzitsa mwanayo kunena kuti ndaona, ndiye mawa adzang'amba mimba ya munthu wamoyo atangomva za m'maluwa.

Pa 18 Disembala chaka chomwecho, tsiku lotsatira ukwati wa mwana wawo woyamba, abale tonse tili m'balaza muno, malemu anaimirira n'kulengeza kuti akadzamwalira thupi lawo lidzapite ku koleji ija, ana akaphunzirirepo. Sananene mobisa ayi. Amalume athu, amene akhala pa mpando wa ndalemawo, analipo, mbale ili pa miyendo. Anaseka mpaka kutsamwa, n'kunena kuti ngati ndi choncho akolejiwo adzatengenso mawondo awo omwe akuwavutawo. Achemwali anaseka mpaka kupukuta misozi, amvekere a Mapapo sadzatha nthabwala. Vuto la munthu wanthabwala n'lomwelo, tsiku limene wanena zoona anthu amaombabe m'manja. Malemu anabwereza mawuwo chaka ndi chaka, ndipo chaka ndi chaka munkaseka.

Ine sindinaseke, ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti zimenezo n'zachilendo, kuti munthu amafuna manda oti ana azikawaona. Tinakangana mpaka kusiya kuyankhulana kwa kanthawi. Ngakhale lero lino, ndisaname pamaso pa anthu, sizikundisangalatsa. Ndikanakonda kuponya dothi pa bokosi la mkulu wanga ngati mmene achitira anzanga. Koma thupi linali lawo, ndipo mu Malichi 2017 atapita kukasayina ku koleji, mboni ndinali ine pamodzi ndi mwana wawo woyamba. Alamu anga anakana kupita. Analira tsiku lonse m'shopu, makina osokera osawakhudza. Mvetsani bwino pamenepa: mwa ife tonse, amene anakana kwambiri ndi mayi amenewa.

Malemu anayamba kudandaula m'mimba mu Febuluwale 2023, ndipo mu Meyi madokotala anapeza khansa ya chiwindi. Anapitirizabe kuphunzitsa atakhala pa mpando mpaka mu Okutobala, pomwe miyendo inakana. Alamu anga anatseka shopu, makasitomala n'kubalalika. Ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa ndi supuni, ndi kuchapa zofunda zimene ine sindingazitchule pa gulu. Amalume, amene amakonda kutikumbutsa kuti chibale n'fupa sichiola, sanaponde pakhomo pano ngakhale kamodzi, chonsecho basi yochokera kwawo imaima pa ngodya apo. Achemwali anabwera kamodzi. Anaima pa chitseko cha kuchipinda, kampango kali pamphuno, n'kunena kuti athamangira ku msonkhano. Odwala anawaona, ndipo achemwaliwo atachoka anatembenukira kukhoma.

Anatisiya Lachinayi pa 6 Juni 2024, m'mawa dzuwa litatuluka, mutu uli pa miyendo ya akazi awo. Mawu omaliza omveka anali owapempha kuti asawachititse manyazi, aimbire foni akoleji kuti adzatenge thupi. Mayi amenewa anaimbadi foniyo. Galimoto ya koleji inabwera masana, anthu ake aulemu, ndipo alamu anga anaiperekeza wapansi mpaka pa msewu waukulu, pomwe anagwa, ife n'kuwanyamula.

Tsopano imvani zimene zachitika kuyambira Lachisanu. Amalume anatulukira ndi lole, akuti adzatenge mtembo wa mwana wa mlongo wawo. Munthu amene analephera kukwera basi wodwala ali moyo, anapeza lole yonse atamwalira! Atamva kuti thupi lapita, anaima pabwalo pano n'kukuwa kuti mkazi uyu wagulitsa mwamuna wake. Achemwali anaitola nkhaniyo, kuithira mchere, n'kuyenda nayo kukhitchini, ku mpopi, mpaka kumsika. Pofika madzulo tawuni yonse inali ikudziwa mtengo wake, ena mpaka kunena kuti ziwalo anagulitsa pachokhapachokha. Dzulo amalume anakhoma shopu ya alamu anga ndi loko wawo, n'kulamula kuti mwambo uno ukangotha, mayiwa alongedze zovala zawo atuluke m'nyumba muno. Ndipo inu amayi, amene ena mwavala madiresi osokedwa ndi manja omwewo, mwawasiya okha pakhonde ngati ali ndi nthenda yopatsirana. Taonani malo amene atsala mbali zawo zonse. Manyazi mulibe?

Ndifunse funso la Fomu 1, poti ambiri muno munaphunzitsidwa ndi malemu kapena ana anu anaphunzitsidwa nawo. Ndani waona ndalama? Amene waona ndi maso ake aimirire, atiuze anaona kuti, ndipo anapereka ndani. Ndikudikira. Palibe. Koleji sigula thupi la munthu, ndipo madokotala ake ali pompano, mukhoza kuwafunsa. Mwana wa zaka khumi ndi zinayi ankatuluka m'kalasi ya malemu akudziwa kusiyana kwa zoona ndi zongomva, koma akuluakulu a imvi, a magazi amodzi ndi iwo, zakukanikani. Amalume, mutu wanu ndimaulemekeza, ndipo ndikuyankhula nditagwira chipewa m'manja. Koma munauzidwa muli maso, munaseka, ndipo madzi akatayika saoleka. Ngati mtima ukukuwawani chifukwa simunabwere kudzawaona, musamutulire mwana wa eni ake ululuwo.

Malemu asiya akazi awo, amene ndikuwatchula poyamba chifukwa m'pamene ayenera kukhala. Asiya ana atatu, wamkazi mmodzi ndi aamuna awiri, ndi zidzukulu ziwiri. Asiya achemwali awo, amalume awo, ndi ine mng'ono wawo.

M'malo mwa banja ndikuthokoza anamwino a m'chipinda cha odwala khansa, amene sanatope nafe. Ndikuthokoza aphunzitsi anzawo ndi ana a sukulu amene abwera mu yunifolomu n'kuima padzuwa kumbuyoko. Ndikuthokoza bambo ogulitsa nyama, amene ankatumiza mafupa a msuzi nthawi yonse ya matenda osafunsa kanthu, ndi adokotala aja amene anali mwana wa sukulu wawo, omwe ankadzawabaya mankhwala ochepetsa ululu akaweruka ku ntchito. Amene munathandiza ndi pakamwa pokha, mudzithokoze nokha.

Pomaliza, loko uja ndamuthyola ndi nyundo m'mawa uno, ndipo ali m'thumba mwangamu, mwini wake adzamutenge tikabalalika. Nyumba iyi ndi ya alamu anga ndi ana awo. Amene akufuna kuwatulutsa ayambe wanyamula ine. Ndikapinda pepalali sindibwerera ku mipando ya abale, ndikakhala pakhondepo pafupi nawo, ndipo ndiona ndi maso anga amene anditsatire.

Akoleji atiuza kuti akadzamaliza maphunziro, zaka ziwiri zikubwerazi, adzatibwezera m'bale wathu kuti tidzamuike m'manda mwaulemu. Tsiku limenelo woyamba kuponya dothi adzakhala mkazi amene mwamunyozayu, akuchokera m'nyumba yake. Achimwene, inu munasankha kugwirabe ntchito pomwe anzanu amapuma, ndipo ine ndakulekani. Za kuno musade nazo nkhawa, alamu sagona panja ine ndili moyo. Mzimu wanu uuse mumtendere.