Njinga ya Bambo a Tiwonge

Zaka zimenezo matipate atangoyamba, amuna a kuno ku Mzimba ankakhamukira ku Joni, ndipo bambo a Tiwonge nawo ananyamuka n'kundisiya ine, mtengwa wochokera ku Kasungu, pamudzi wa makolo awo kufupi ndi Jenda. Anandisiyira khanda lathu Tiwonge ndi njinga, yomwe anaipachika kudenga kuti chiswe cha anthu obwereka chisaidye. Inu ana a masiku ano mwana akagona mumathamangira foni, koma ife nthawi imeneyo inali yochapa matewera ndi kupeta, ndipo ukangotseka chitseko dzuwa lili paliwombo, mudzi wonse unkafuna kudziwa chimene watsekera.

Ine ndinkatsekadi. Tiwonge anali atakomokapo ndi malungo, ndipo ulendo wapansi umene ndinayenda naye kumsana kupita kuchipatala unandiopsa kwambiri, mwakuti ndinalumbira kuti ndiphunzira kupalasa. Koma kumeneko mtengwa kukwera njinga ya mwamuna wake, ndani akanalola? Ndiye mwana akangogona ndinkaitsitsa, n'kuvala buluku la bambo ake ndi chipewa chawo kuti chitenje chisakodwe m'tcheni, n'kutulukira khomo lakuseri kukagwa ndi kudzuka m'kanjira ka kumunda wa fodya.

Musaseke, chifukwa matayala amasiya mizere padothi. Apongozi anga aakazi, a NyaTembo, anayamba kusesa kuseri kwa nyumba yanga m'mawa uliwonse, munthu amene pakhomo pake pomwe ankasesa mwaulesi, ndipo ine ndinadziwa kuti tsache limenelo likufuna mapazi atsopano. Moni anayamba kufupika. Azilamu ankanong'onezana kuti utsi sufuka popanda moto, ndipo wina analumbira kuti waona mwamuna wachipewa akutuluka m'nyumba mwanga. Dziwani kuti kuno si kwathu ku Uchewa ayi: ng'ombe zikaperekedwa mwana ndi wakuchimuna, ndipo mkazi wogwidwa ndi chigololo amapita yekha, manja lendelende. Ndinkagona ndi mantha, koma kuulula ndinkaopanso kuti andilanda njingayo.

Tsiku lina ndikupalasa bwinobwino, ndinangomva, "Gwirani! Ndi yemweyo!" Alamu anga aakulu anatulukira m'fodya n'kundikankha, ine chagada m'mizere, chipewa uko. A NyaTembo anafika akupuma wefuwefu, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku buluku la mwana wawo.

"Mkamwana, ndiwe? Nanga mwanalume uja ali kuti?"

"Mwamunayo ndine, amama," ndinayankha nditagwada, bondo likuchucha magazi. "Mwana akadzakomokanso ndikufuna ndidzafike naye msanga."

Alamu anaseka mpaka kukhala pansi, koma apongozi sanaseke ngakhale pang'ono. Anaitola njinga ija, n'kuikutumula dothi, kenako anati, "Mbwenu ukaidziwa chomene, udzabereka mdzukulu wanga n'kuthawira naye ku Kasungu." Zinandiwawa, ana inu, kuposa bondo lija, chifukwa ndinaona kuti ngakhale mwamunayo wasowa, mlandu wanga sunathe.

Kuyambira mawa lake, dzuwa likangokwera a NyaTembo ankabwera kudzatenga Tiwonge kuti akagone pamphasa yawo, amvekere, "Pita ukapalase, mwana ali ndi ine." Ndinaphunzira poyera, mpaka ndinkakafika pa Jenda osatsika, koma ndikabereka mwana kuti tipite kusikelo, ankandipatsa alamu aakazi oti andiperekeze. Mpaka apongoziwo analowa m'manda sindinadziwe ngati ankandithandiza kapena ankalondera magazi awo, ndipo mwina iwo eni sankadziwa.

Ndiye inu amene mudzalandire mwana wa eni pakhomo panu, mukaona watseka chitseko masana, gogodani mumufunse. Akhoza kukhala kuti akuopa chinthu chomwecho chimene inu mukuopa.