Bulangete la ku London pa dzuwa la ku Perth

Abusa athu ndi amayi busa, akulu ampingo, abale ndi alongo nonse, landirani moni m'dzina la Yesu. Ameni? Ndikufuna kuchitira umboni. Mundipirire ndikamadodoma.

Ambiri mumangondidziwa kuti agogo ake a Lonjezo, aja okhala pafupi ndi chitseko chikwama chili pamiyendo. Eya, ndine ndemwe. Musakhumudwe, si inu nokha ayi. Ine munthu sindimukhulupirira. Ndinali wotero kale kumudzi, ndipo London inangowonjezera.

Ku London anandiitanitsa ndi mwana wanga wamkazi, namwino, ali woyembekezera. Ndinkaganiza kuti ndikupita kwa anthu olemera. Abale anga, tinkakhala m'kanyumba pamwamba pa sitolo, moti ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri. Lendi inkadya malipiro a mwana wanga, a mkamwini wanga nkumathera ku magetsi ndi basi. Makoma ankachita thukuta, m'makona muli nkhungu yakuda bii. Hita yotenthetsera m'nyumba tinkayatsa mochita kuyeza ngati mankhwala. Lonjezo anabadwira m'menemo, nthawi yozizira, ndipo asanadziwe nkomwe kumwetulira chibayo chinamugwira. Ndinamuona mdzukulu wanga ali m'chipatala, timapaipi m'mphuno, kachifuwa kakulowa nkumatuluka. Ndinalumbira pambali pa bedi lija kuti ine ndili moyo, mphepo sidzamukhudzanso mwana ameneyu.

Tsiku lina mwana wanga anabwera nati, "Amayi, tikusamuka. Ndapeza ntchito ku Perth, ku Australia. Kuli dzuwa, kuli nyanja. Ndalama imene tikutaya pa kabowo kano, kumeneko ndi nyumba yonse ya bwalo lake."

Ine ndinati, "Wakuuza ndani? Ngati kuli kwabwino choncho, bwanji anthu onsewa sanapite?"

Anangoseka. Polongedza iwo anagawa majekete onse kwa anzawo. Ine ayi. Ndinatenga mabulangete a mwana, zipewa zaubweya, masokosi, timajuzi, nkuziponderera pansi pa sutikesi yanga. Ndinati awa akunamizidwa, tikafika adzandithokoza.

Tinafika, tinapeza nyumba kufupi ndi Morley. Nyumba inalidi yaikulu, pamenepo sananame. Koma mawindo, abale, akuluakulu ngati zitseko, opanda zitsulo. Mpanda wofika m'chiuno. Ndiye khomo loyandikana nalo kunali mayi wina wachizungu, zojambula thupi lonse mpaka m'khosi, ndudu pakamwa, chigalu chachikulu pambuyo. Akandiona ankakweza dzanja, mano onse panja. Ine ndinkati, mukusekerera chiyani, simundidziwa? Mukufuna muone kuti m'nyumba muno muli chiyani? Ku London ndinamva zambiri za anthu oyandikana nawo amene amakuneneza kuboma mpaka ana nkulandidwa. Ndiye ine makatani tseke, mawindo tseke, chitseko loko.

Inafika Januwale. Inu mukuidziwa Januwale ya kuno. Mwana wanga ankadzukira sitima ya ku Fremantle, mkamwini wanga ku fakitale ku Malaga, ine nkutsala ndi Lonjezo, amene nthawi imeneyo anali asanayambe kuyenda. Potuluka mayi ake ankandiuza, "Amayi, eyakoni musazimitse. Mwana akhale ndi thewera ndi kavesiti basi. Muzimumwetsa pafupipafupi."

Ine, "Ndamva."

Koma akangotseka geti, ine dzanja pa rimoti, thimu. Mphepo yochokera m'makina, yozizira ngati ya mu filiji, iziwomba pachifuwa chimene chinadwala chibayo? Amayi inu amene munalera ana kwathu, tandiyankhani. Khanda amaligoneka pamphepo? Mutu wa khanda amausiya pamtunda liwombo lisanatseke? Si choncho tinaphunzitsidwa? Ine ndalera ana anga onse ndi chipewa kumutu ngakhale mu Okutobala, palibe amene anafa. Ndiye ndinkamuveka kajuzi, masokosi, chipewa, ndipo nthawi yoweruka ikayandikira ndinkamuvula nkuyatsanso makina aja. Mukuseka, achimwene inu? Sekani, koma mumve mapeto ake.

Tsiku limenelo kunacha kulibe ndi kamphepo komwe, ngakhale mbalame zinali duu. Lonjezo anayamba kulira cha m'mawa, kulira kosatonthozeka. Botolo anakana. Kenako ndinaona akupuma mofulumira, kachifuwa kakuthamanga. Mtima wanga unati phaa! Ndinati chibayo chija chabweranso, chatitsatira mpaka kuno. Thupi linali moto. Ndinati eya, ndi mmene chinayambira ku London. Ndinathamangira sutikesi ija, nkutulutsa bulangete lalikulu lija, nkumukulunga bwinobwino. Ndinamukulunga, abale. Ndi manja angawa.

Kulira kunasiya. Ndinati wagona. Koma nditasuzumira ndinaona maso ali theka, milomo youma gwa, liwombo litalowa m'kati. Ndinamukweza dzanja, linangogwa ngati chingwe. Ndinaimbira mayi ake, foni ataitsekera m'kabati kuntchito. Ndinaimbira bambo ake, makina akusokosera, sakumva. Ambulansi ndinaiganiza, koma mantha anati ayi, amenewo akabwera abwera ndi apolisi, mwanayu amutenga, sudzamuonanso.

Ndinamubereka ndi chitenje, bulangete pamwamba, ndati ndikakwere basi ya ku Morley, mwina kumeneko ndikaona Mmalawi mnzanga. Nditatsegula chitseko dzuwa linandimenya kumaso ngati ndatsegula uvuni. Ndisanafike pa geti ndinamva mawu. Anali mayi wa galu uja, ali ndi paipi yamadzi m'manja. Anandiyang'ana, anayang'ana mtolo wa kumsana, paipi ija pansi. Analumpha mpanda, abale, mzimayi wamkulu ndithu, nkugwira bulangete lija.

Ine ndinakuwa, "Wakuba! Siya mwana wanga!" M'Chichewa, Chingerezi chonse chinali chitathawa. Iye akukoka, ine ndikukoka. Ndinamukanda padzanja mpaka magazi. Sanasiye. Ankangobwereza kuti, "Watenthedwa! Mwanayu watenthedwa, mayi, muvuleni!" Chitenje chinamasuka, mwana anatsetserekera m'manja mwake, ndipo mutu wa Lonjezo unangoti lende.

Pamenepo mphamvu zinandithera. Koma mwendo wa mwana sindinausiye ayi. Anathamanga naye kulowa m'nyumba mwake, ine ndili kakaka pa mwendo, chigalu chikuuwa pambuyo pathu. M'nyumbamo munali zii ngati m'filiji. Anamuvula chipewa, tsitsi lili lonyowa. Kajuzi, masokosi, zonse pansi. Anamuyala pa matailosi pa thaulo lonyowa, akumupukuta ndi madzi m'khosi ndi m'khwapa, foni ataipana ndi phewa akuitana ambulansi. Ine ndinagwada pamenepo. Pemphero lalitali linalibe malo. Ndinkangoti, "Yesu, musamutenge. Yesu, musamutenge. Ndatha naye mtunda wonse uja kuti adzafere pano? Yesu, musamutenge."

Kuchipatala anamulowetsa m'kati, anamuika diripi. Ine ndinakhala pa benchi ndikuyang'ana chitseko chilichonse, kudikira amene abwere kudzandimanga. M'malo mwake anabwera namwino wa ku Zambia, anandiona ndi chitenje nkukhala pambali panga. Anati m'Chinyanja cha kwawo, "Ambuya, osayopa, palibe azamutenga mwana. Koma kuno si ku London. Zuba ya kuno imapaya. Mwana ngati wapya, mumuchose vovala, osati kumufakilako." Ndinamumva: dzuwa la kuno limapha, mwana akatenthedwa uzimuvula, osamuwonjezera zovala. Ndinamufunsa kuti nanga chibayo? Anati madokotala amuyeza, chifuwa chili bwinobwino, kupuma kuja kunali kutentha ndi kutha madzi m'thupi.

Kenako anafika mwana wanga, ali ndi yunifolomu, thukuta lili kamukamu. Ndinkayembekezera kuti andikalipira pagulu. Sanakuwe. Anagwada patsogolo panga nkundigwira manja, nati chapansipansi, "Amayi, mukanandiphera mwana." Mawu amenewo, abale, bola akanandimenya.

Tinakhala pamenepo kudikira. Mkamwini wanga anafika ndi nsapato zake za kuntchito, nkukhala nafe pa benchi. Nthawi imayenda koma ngati siikuyenda. Namwino aliyense akatuluka ndinkawerenga nkhope yake. Ndiye mwadzidzidzi m'kati muja tinamva kulira. Kulira kwaukali, kwa mwana wokwiya amene akufuna bere. Mayi ake anadzambatuka. Ine ndinangokweza manja pa benchi pomwepo. Aleluya! Chibadwire sindinamvepo nyimbo yokoma ngati kulira kumene kuja.

Sindikunamizani kuti mantha anatha. Dziko lino sindinalizolowere. Kwathu ndinkadziwa choopa, ku London ndinaphunzira choopa, koma kuno chimene ndinkathawa si chimene chinkandidikira, ndiye ndimadzifunsa kuti chinanso nchiyani chimene sindikuchidziwa. Akuti kuli njoka m'maudzu, akuti nyanja imakoka anthu. Mwana wanga tsopano amaimba foni ya vidiyo pa nthawi yopuma kuti aone chimene mwana wavala, ndipo ine ndimamuonetsa, ngakhale zimandiwawa kuyang'aniridwa ngati wantchito. Mundipempherere pamenepo. Mupemphererenso mayi uja, dzanja lake lili ndi chipsera cha zala zanga, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti munthu wotere umamuthokoza ndi chiyani.

Koma lero ndaimirira pano kunena kuti Mulungu anandibwezera mdzukulu wanga. Ine ndinamukulunga, Mulungu anamumasula. Zikomo Yehova, zikomo Yesu, zikomo abusa ndi nonse amene munabwera kuchipatala kuja.

Amake Lonjezo, taimirirani. Mukwezeni m'mwamba anthu amuone. Ndi ameneyo, abale, akukankha mayi ake kuti atsike akathamange. Imirirani nonse mundithandize kuthokoza, pakamwa panga pokha sipakwanira. Amayi, nthungululu zili kuti? Mwanayo ndi wamoyo! Ameni!