Mibawa ya Amayi Malizani Sinagwe

Malemu Amayi Zipora Malizani, amene tawazungulira panowa, anabadwa pa 9 Ogasiti 1949 ku Dedza, m'banja la ana asanu ndi awiri. Anaphunzira pasukulu ya mishoni komweko, kenaka anachita maphunziro a uphunzitsi. Ndakatulo anaziyamba ali mtsikana, ndipo akuluakulu akuti ngakhale popita kuchitsime pakamwa pawo sipankapuma.

M'chaka cha 1971 anamanga banja ndi Abambo Herbert Malizani, kalipentala. Taonani nthabwala za Mulungu: mayi wolirira mitengo, bambo wocheka matabwa, koma banja osagwedezeka! Mu 1978 anasamukira kuno ku Chinsapo, komwe malemu anaphunzitsa ana athu mpaka kupuma pantchito mu 2004.

Atafika kuno anapeza m'mbali mwa mtsinje muli pululu, ndipo zinawawawa kwambiri. Ankati munthu wosadziwa mitengo ya kwawo ndi mlendo ngakhale m'nyumba mwake. Anabzala mbande za mibawa kumunsi kwa dimba lawo, kumathirira ndi ndowa ya pamutu, ena tikuwaseka. Mtengo uliwonse anaupekera ndakatulo yakeyake.

Mitengo itakula, maso a anthu anakulanso. Mu 2003 Abambo Mackson, oumba njerwa, anaifuna kuti akawotchere uvuni wawo. Ali pompano, sindikuwanena kuseri! Malemu sanapite kupolisi ayi. Anadikira ukwati wa mwana wa a Mackson omwewo, napempha maikolofoni ngati akufuna kufupa, nalakatula kuti, "Mukawotcha mthunzi, dzuwa mudzalithawira mu uvuni kodi?" Holo yonse nthungululu! A Mackson anatha chaka osawapatsa moni, koma nkhwangwa sinafikeko.

Mu Novembala 2007 malemu anayamba kuvutika ndi matenda a shuga. Anagonekedwa m'chipatala kawiri, ndipo anatisiya Lachiwiri lapitali, pa 8 Julayi 2008. Ali pabedi sankadandaula za thupi. Nkhawa yawo inali imodzi: iwo akapita, adzailankhulira ndani mitengo ija?

Anamalira, tamverani tsono zimene zachitika! Mukudziwa kuti pamaliro anyamata amakadula nkhuni zophikira anthu, ndipo amayambira pa mitengo ya mwini maliro. Dzulo m'mawa anyamata athu ananyamula nkhwangwa ulendo wa kumtsinje. Sanalakwe, ankatsata mwambo, ndipo abanja, mitu itaima ndi chisoni, panalibe wowaletsa.

Atafika anapeza munthu ataima patsinde pa m'bawa waukulu, manja ali tambasu. Ndani? A Mackson! Abambo amenewa analakatula ndakatulo yomwe inawachititsa manyazi paukwati ija, kuyambira poyamba mpaka pomaliza osaphonya liwu, misozi ili chuchuchu. Anyamata anatsitsa nkhwangwa. Atatero a Mackson anatulutsa mawilibala awo onyamulira njerwa, nazungulira khomo ndi khomo kupempha zosonkhera moto. Amayi a Chinsapo anapereka zitsononkho ndi mapesi a m'minda mwawo. Chakudya chonse cha pamaliro pano chaphikidwa ndi zimenezo, ndipo ku mibawa sikunathyoledwe ngakhale nthambi. Tikulira, inde, koma ine mtima wanga ukuvina!

Malemu asiya amuna awo, Abambo Herbert, ana atatu, a Owen, a Dyna ndi a Tiwale, komanso zidzukulu zisanu ndi chimodzi.

M'malo mwa banja ndikuthokoza abusa, amayi a mvano amene anawasamalira podwala, adzukulu okumba manda, aphunzitsi anzawo, ndi nonse amene mwatikhuza. A Mackson, inu tikusowa mawu okuthokozerani.

Amayi Malizani, munkafunsa kuti adzailankhulira ndani. Wapezeka, ndipo ndi mwini uvuni. Gonani tsopano, mzimu wanu uuse mumtendere.