Ndinapempherera Thewera Lonyowa

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ambiri mukudziwa kuti mkazi wanga Madalitso anatisiya pobereka, mimba isanakwane masiku. Chomwe sindinanenepo pagulu ndi chakuti mwana wathu Lonjezo nayenso anatsala pang'ono kumutsatira.

Anabadwa wochepa kwambiri, wokwana m'manja mwanga muwiri. Dokotala anandiuza kuti impso za mwana zimamalizika kupangika m'masabata omaliza a mimba, ndipo Lonjezo masabatawo anawaphonya. Anati thupi limamanga ziwalo ndi tizidutswa totchedwa ma amino asidi, tomwe timapanga mapuloteni. Ali m'mimba, mwana amalandira tizidutswato kuchokera m'magazi a mayi ake. Ndinamvetsa zonse, pakuti ndinaphunzirako zimenezi ku koleji. Ndinamvetsanso kuti amene ankamupatsa tizidutswato anali atagona ku mochale.

Anamulowetsa kachubu pamchombo, n'kumamudonthezera ma amino asidi opangidwa m'botolo. Akachepa, impso sizikula. Akachuluka, impso zanthetezo zimalemedwa ndi zotsalira zofunika kusefa. Tsiku lililonse ankamuyeza magazi, ndipo thewera lililonse ankaliika pasikelo kuti aone ngati wakodza. Kenako mkodzo unayamba kuchepa, nkhope yake n'kutupa. Dokotala anasiya kunena za mwezi wamawa.

M'mawa uliwonse ndinkakwera sitima ku Ellenbrook, dera limene timakhala, kupita kuchipatala, wopanda chonena kwa Mulungu. Amayi a kutchalitchi ankabweretsa chakudya, ine n'kumathokoza, osachidya. Pamene tinkakonza zotumiza thupi la Madalitso kumudzi, ndinadzipeza ndikuganiza ngati ndidikire kaye kuti apitire limodzi ndi Lonjezo. Maganizo amenewo sindinauze munthu. Tsiku limenelo ndi pamene ndinapemphera, mawu ochepa chabe: Ambuye, thewera linyowe.

Patapita masiku angapo ndinafika m'chipinda cha ana, ndipo namwino wina wa ku Lusaka, mayi Tembo, anandikodola ndisanamalize kusamba m'manja.

"Ba daddy, bwelani muone. Mwana wanu alibe ulemu, wanikodzela pamanja!"

Ankaseka uku misozi ikulengeza. Ine sindinalire pamaliro a mkazi wanga, koma apo ndinakhala pansi n'kulira.

Kutupa kunaphwa pang'onopang'ono. Kachubu anakachotsa, ndipo Lonjezo anayamba kumwa mkaka woperekedwa ndi amayi ena omwe sindidzawadziwa mayina. Lero akukwawa. Impso zake n'zocheperako, moti tizipita kukapimitsa moyo wake wonse.

Sindikuuzani kuti chisoni chatha. Mbali ya bedi ya Madalitso ikadali yozizira, ndipo chifukwa chimene anapitira sindinachimvetse. Koma ndinatumiza bokosi limodzi, osati awiri, ndipo pa chimenecho ndikuyamika Mulungu, madokotala, ndi inu amene munkagogoda pakhomo panga masiku amenewo.

Ngati mphamvu yopempha zazikulu yakutherani, pemphani chaching'ono chimene mukuchifuna lero. Amamva.