Chipewa Chogula mu Epulo

Lachiwiri pa 15 Julaye, pa siteji ya basi yoyandikana ndi koleji ya zaka ziwiri ku Stockton, bambo wina wachikulire anayamba kucheza ndi mtsikana wovala chipewa cholembedwa dzina la yunivesite yotchuka.

"Akutengani kumeneko, achemwali? Ndinu akatundu!"

"Ananditenga mu Epulo, bambo. Dzulo anandilembera kuti malo aja andilanda."

"Mwawalakwira chiyani?"

"Pa fomu yosamukira kumeneko kuchokera pa koleji ino ndinalemba kuti ndimaliza maphunziro asanu pofika Meyi. Mayi atadwala mu Malichi ndinasiya kemisitiri, koma a ku yunivesitewo sindinawadziwitse."

"Anayi enawo munakhoza?"

"Ma A okhaokha. Akuti ndikanawauza nthawi yomweyo mwina akanandimvetsa."

"Anthu amenewo amawerenga fomu ngati apolisi. Mudzalemberenso mu Novembala, osazengereza. Ine ndinati ndiyambe ndapuma chaka chimodzi."

"Kenako munapita?"

"Munali mu 1998, ndikupumabe. Koma chipewacho vulani, chikungokupwetekani mtima."

"Sindingavule. Anandigulira ndi mayi, ndipo pano ndikukawaona kuchipatala. Anauza kale manesi onse kuti Xiomara wawo akunyamuka mu Seputembala."