Kabuku ka kuchipatala ka baba ndinaba ndine

Moni nonse abale mwa Ambuye, a ku komboni kwathu ku Chipinge ndi ena akutali. Ndiyambe ndi kuulula: kabuku ka kuchipatala ka baba, kamene banja lonse linafunafuna miyezi inayi, ndinaba ndine.

Baba anathyoka mkono pogwa pa thirakitala ya tiyi, chaka chija madokotala ankathawira ku Joni. Kuchipatala anawamanga pulasitala wothina kwambiri. Anabwererako kawiri kukadandaula kuti zala zachita dzanzi, koma nesi anangowapatsa mapiritsi n'kulemba m'kabuku, kope lija wodwala amagula yekha n'kumasunga kunyumba. Patatha sabata zala zinada, ndipo mkono anaudula pachigongono.

Loya wina wothandiza osauka anatitengera mlandu ku khoti. A chipatala anayankha kuti baba sanabwerereko, anapita kwa sing'anga amene anamanga mkonowo ndi zingwe. Akulu a mpingo atamva anawaimitsa pa mgonero. Baba sanalire pa tsiku la mkono, koma Lamulungu limenelo anakhala okha kuseri kwa nyumba.

Loya anati mlandu wotere suyenda popanda lipoti la dokotala wina wodziwa za mafupa. Anapeza mayi wina wokalamba ku Mutare, wopuma pa ntchito. Mayiyo anawerenga fayilo ya kuchipatala, momwe maulendo awiri aja munalibe, nanena kuti sangalumbirire chinthu chimene sanachione. Khoti linatipatsa mwezi umodzi. Amayi anasala kudya masiku atatu.

Nthawi yonseyi kabuku kanali m'chikwama changa cha kusukulu. Ndinkatengeramo kalembedwe ka nesi polemba makalata abodza a odwala, ndipo chidindo ndinasema pa patapata wakale. Anyamata a fomu 3 ofuna kujomba ankadwala malungo mwa dzanja langa, ndipo ntchito yanga inali yaukhondo ndithu. Kunyumba ndinakhala chete chifukwa masamba akumbuyo anali odzaza ndi siginecha ya nesiyo yomwe ndinkayeserera.

Mulungu anagwiritsa ntchito ahedi. Anadabwa kuti anyamata asanu ndi mmodzi adwala malungo tsiku la mayeso a masamu, onse kwa nesi mmodzi. Anakhuthula chikwama changa, naitanitsa amayi.

Titafika kwa loya, amayi anafuna kung'amba masamba angawo. Loya anawagwira dzanja.

“Mukang'amba tsamba limodzi, mayi, kabuku konse kafa. Tikaonetsa zonse, ndi za mwanayu zomwe.”

A chipatala anasangalala, amvekere kabuku konse n'kopeka. Dokotala wa ku Mutare anandiitana, nandiuza kuti ndimulembere kalata ya wodwala mkono wothyoka. Ndinalemba malungo ndi kupuma masiku atatu, poti ndi zokhazo zimene ndinkadziwa. Kenako anandifunsa tanthauzo la zimene nesi analemba za kayendedwe ka magazi m'zala, ine kukamwa yasa. Anakumana ndi dokotala wa mbali inayo, nayerekeza masiku a m'kabuku ndi buku la kumene amaperekera mankhwala, limene palibe anakumbukira kulikonza. Dzina la baba linalimo kawiri. Madokotala onse awiri anasaina lipoti limodzi, chipatala chinavomera kulakwa.

Mkono sunabwerere, ndipo baba sathyolanso tiyi. Koma kalata ya loya inawerengedwa mu mpingo, ndipo akulu anabwera kunyumba kudzapepesa. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha dokotala wa ku Mutare uja amene anakana kulumbira bodza ngakhale kuti anali wa mbali yathu. Inu amene mlandu wanu waima, musataye mtima, ndiponso musabise pepala ngakhale likuchititseni manyazi.

Ine ahedi anandipatsa chitsa cha bulugamu choti ndizule kuseri kwa zimbudzi. Ndinakumba sabata yathunthu, ndikuimba nyimbo za kwaya mokweza mpaka a fomu 4 anatseka mawindo. Masamu a sabata imeneyo anandipita onse, popanda ndi kalata ya malungo yomwe.